Mabala a mumtima a ku Mulanje sangapole ndi maphunziro a masiku asanu

Mvula ya namondwe Freddy itakata mu Malichi 2023, boma ndi mabungwe anawerenga zonse zowerengeka. Anawerenga nyumba zogwa, milatho yokokoloka, minda ya chimanga ndi mpunga yokwiririka ndi mchenga, anthu oposa 600,000 osowa pokhala m'chigawo chakumwera, komanso akufa ndi osowa amene pamodzi anapitirira 1,000. Kuno ku Mulanje, kumene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kusesa midzi ya kwa Njema cha ku Muloza, malole anafika ndi ufa, nyemba, mabulangete ndi ndowa. Zonsezo zinali zoyenera. Koma palibe kaundula amene analembamo ana amene mpaka lero amanjenjemera mitambo ikada kuphiri, amayi amene tulo sawona mvula ikayamba kugunda malata, ndi abambo amene mwana anawapulumuka m'manja madzi atakula mphamvu, ndipo kuchokera tsikulo anangoti zii kapena analowa m'kachasu.

Anthu amenewa tinawapatsa ndani? Tinawapatsa achinyamata ndi amayi ongodzipereka, anthu a mtima wabwino, amene anasonkhanitsidwa mu holo kwa masiku atatu kapena asanu, n'kuphunzitsidwa chithandizo choyamba cha maganizo, n'kupatsidwa malaya a bungwe, kabuku ndi alawansi, kenako n'kutumizidwa m'makampu a m'sukulu ndi m'matchalitchi. Ndalama za pulojekiti zitatha, ntchito inatheranso pomwepo. Sindikunyoza anthu ongodziperekawo; anagwira ntchito yolemetsa pa nthawi imene ena a iwo analinso ndi maliro awo. Ndikudzudzula dziko limene likuganiza kuti pamenepo lakwanitsa udindo wake. Malawi akufunika akatswiri a uphungu ophunzira mozama mpaka digiri yachiwiri, ndiponso akatswiri ochiza ndi zojambula, nyimbo, magule ndi zisudzo, olembedwa ntchito ndi boma ndi okhala pakati pa anthu chaka chonse. Boma la Mulanje ndi umboni wokwanira wa zimenezi.

Freddy sanapeze anthu a mitima yopanda zipsera. M'zaka za m'ma 1980 anthu othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo anadutsa malire a Muloza kuchokera ku Milange, ndipo ambiri anakwatira ndi kukwatiwa konkuno atasenza zimene anaona. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, nthawi imeneyo kukadali mbali ya boma la Mulanje. Edzi inabwera n'kusiya agogo akulera zidzukulu; kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ku Mulanje pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi kachilombo. Kenako anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Mwana amene anapulumuka mu 1991 ndiye kholo limene linathawa ndi ana kumsana mu 2023. Zimene sanathe kuzinena ali mwana wazisenza zaka makumi atatu, ndipo lero akuzipatsira ana ake mwa ukali, mwa mantha, kapena mwa kukhala chete.

Tisaiwale za 2017. Mu Sepitembala chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zinabuka kuno ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Midzi yathunthu inkagona panja, anyamata anatseka misewu, alendo ndi anthu osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Boma linatumiza apolisi, linaletsa kuyenda usiku, linamanga anthu ambiri. Chitetezo chinkafunikadi. Koma amayi amene ankadzuka m'mawa ali ofooka, mtima ukugunda, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti apopedwa magazi, sankanama. Ankamva zenizeni m'thupi mwawo, ndipo mantha akagwira mudzi wonse amachita zotero. Pa nthawi imeneyo pankafunika anthu odziwa kukhala pansi ndi mudzi wogwidwa ndi mantha, osauseka ndiponso osavomereza bodza. Tinalibe anthu otero okwanira. Nkhaniyo inangozirala yokha, ndipo chimene chinaibala sitinachifufuze.

Onani zimene munthu wa kwa Mabuka kapena kwa Chikumbu angapeze lero akavutika maganizo. Pa chipatala cha boma pali anamwino ndi madokotala othandizira amene anaphunzira za matenda a ubongo. Ndi ochepa, ndipo boma limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 680,000 likuyang'ana kwa iwo. Mzere wawo umadzaza ndi odwala khunyu, odwala misala ndi achinyamata amene chamba chawazunguza mutu. Amapereka mankhwala, ndipo matenda akakula amatumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital. Ntchito imeneyo ndi yopulumutsa miyoyo. Koma namwino amene panja pakumudikira anthu makumi angapo sangakhale ola lathunthu ndi mayi mmodzi, sabata ndi sabata, kwa miyezi itatu. Ndipo mayi amene sanaike mwana wake m'manda chifukwa thupi silinapezeke safunika kugonekedwa ku Zomba. Kwathu maliro ali ndi njira yake: kukhuza, kugona pasiwa, adzukulu kukumba manda, kumeta, kenako chiliza. Njira imeneyo ndiyo imathandiza mtima kuvomereza. Freddy anadula njirayo kwa mabanja mazanamazana, ndipo palibe piritsi limene lingalowe m'malo mwake.

Alangizi amene Amalawi ambiri amawadziwa ndi a kuchipinda choyezera magazi. Iwo anaphunzitsidwa kwa masabata ochepa kuti akonzekeretse munthu kumva zotsatira ndi kuyamba ma ARV, ndipo athandiza dziko lino kwambiri. Chifukwa cha kupambana kwawo, tazolowera kuganiza kuti uphungu wonse ndi wa masabata ochepa. Maphunziro ozama alipo pang'ono. Koleji ya St John of God ku Mzuzu yakhala ikuphunzitsa alangizi a za maganizo pamodzi ndi anamwino ndi madokotala othandizira a matenda a ubongo. Yunivesite ya KUHeS, mothandizana ndi anzathu a ku Scotland, yayamba kutulutsa madokotala akuluakulu a nthambiyi. Ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba kuli dipatimenti ya saikoloje. Koma zonsezi ndi zomwazikana, otuluka kumeneko ndi ochepa, ndipo ambiri amathera m'maofesi a mabungwe ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Pa zochiza ndi luso ndiye pali chipululu: Mmalawi wofuna ukatswiri umenewu ayenera kutuluka m'dziko. N'zosadabwitsa m'dziko limene kwa zaka zoposa 70 linkayendetsa nkhani za matenda a maganizo ndi lamulo la atsamunda la 1948, lamulo limene nkhawa yake yaikulu inali yotsekera wodwala.

Ena amafunsa kuti kodi kumvetsera munthu kumafunanso digiri. Kumvetsera kokha ayi. Koma mlangizi wophunzira amachita zambiri kuposa pamenepo. Amadziwa kusiyanitsa chisoni cha maliro, chimene chimafuna nthawi ndi abale, ndi matenda a maganizo amene akusowa chithandizo. Amadziwa kufunsa mwachindunji ngati munthu akuganiza zodzipha, osachita mantha ndi yankho, ndiponso amadziwa chochita usiku womwewo yankho likakhala lakuti inde. Amadziwa nthawi yosiya kufunsa. Mfundo imeneyi ndi yaikulu. Kale anthu ankakhulupirira kuti wopulumuka pa ngozi azikakamizidwa kufotokoza zonse msangamsanga kuti zimuchoke. Kafukufuku anaonetsa kuti njirayo sithandiza ndipo ena imawavulaza, moti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti isagwiritsidwe ntchito. Munthu wa mtima wabwino koma wosaphunzira mokwanira amagwera m'mbuna imeneyi mosavuta, chifukwa amaganiza kuti misozi ikatuluka ndiye kuti ntchito yayenda. Kutsegula bala ndi kosavuta. Wochita opaleshoni timamuphunzitsa zaka zambiri kuti adziwenso kusoka.

N'chifukwa chake maphunziro enieni a ntchitoyi satheka m'kalasi mokha. Wophunzira amakhala ndi anthu ovutika kwa maola mazanamazana, ndipo sabata iliyonse amakakhala pansi ndi katswiri wamkulu kufotokoza zimene ananena, zimene analephera kunena, ndi pamene nkhani ya wodwala inakhudza bala lake lomwe. Amaphunzira kusunga chinsinsi ndi malire ake, monga pamene mwana akugwiriridwa ndipo nkhani iyenera kufika kwa a zachitetezo cha ana ndi kupolisi. Amaphunzira kufufuza ngati njira yake ikuthandizadi. Amaphunziranso kudzisamala, chifukwa womva nkhani za imfa tsiku ndi tsiku popanda womuthandiza amatha mphamvu kapena amauma mtima. Zinthu zimenezi sizingapanikizidwe m'masiku asanu.

Nkhani ya luso ndiyo imene anthu amaiseka kwambiri, ndipo ndi imene ndikufuna kuiteteza kwambiri. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene anaona nyumba ikumeza amayi ake alibe mawu okwanira kufotokoza zimenezo. Ngakhale akanakhala nawo, kwathu mwana sakhala pampando kuyang'anizana ndi wamkulu n'kumakhuthula za kumtima. Amayang'ana pansi n'kuyankha kuti ali bwino. Koma mupatseni dongo, limene amaumbira ng'ombe kudambo, kapena makala ndi katoni, kapena mulekeni achite masanje ndi anzake. Zimene pakamwa pakukana zimatulukira m'manja. Wina amaumba nyumba n'kuiphwanya, kuumbanso n'kuiphwanya. Wina pojambula banja lake amasiya malo opanda munthu. Katswiri sathamangira kumasulira chithunzi ngati wolosera. Amakhala pambali, amaona zimene zikubwerezedwa, amafunsa pang'ono, ndipo amathandiza mwanayo kuti nkhani imene yangoima pa usiku umodzi iyambe kuyenda kupita kutsogolo, pa liwiro limene mwanayo angalipirire.

Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi zimene timaziona m'makampu, pamene ana amagawiridwa makrayoni, n'kuuzidwa kuti ajambule zimene anaona usiku wa chigumula, zithunzizo n'kutoledwa kuti zikakongoletse lipoti lopita kwa opereka ndalama. Mwana watsegulidwa bala, galimoto yapita, ndipo usiku umenewo agogo ake ndi amene akulimbana ndi kulira kwake. Mchitidwe umenewu uyenera kutha, ndipo udzatha pokhapokha patakhala anthu ophunzira amene ali ndi mphamvu zoukana.

Ntchito yochiza ndi zojambula si yachilendo padziko. Dzina lake linayamba ndi mmisiri wa ku England, a Adrian Hill, m'zaka za m'ma 1940, ataona mmene kujambula kunawathandizira iwo ndi odwala anzawo pamene ankachira chifuwa chachikulu. Lero ku Britain munthu sangadzitche katswiri wa ntchitoyi popanda digiri yachiwiri ndi kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zachipatala. Koma tisapite kutali. Ku South Africa a Hayley Berman anayambitsa Lefika La Phodiso ku Johannesburg mu 1994 pofuna kuthandiza ana ndi aphunzitsi amene anakulira m'ziwawa za tsankho. Yunivesite ya Pretoria ili ndi digiri yachiwiri yochiza ndi nyimbo. Ku Wits kuli Drama for Life, imene inayamba mu 2008 ndipo imaphunzitsa kuchiza ndi zisudzo. Yunivesite ya Johannesburg nayo inatsegula maphunziro ochiza ndi zojambula. Awa ndi anansi athu a mu SADC, ndipo palibe chimene chikuletsa KUHeS ndi Yunivesite ya Malawi kugwirizana nawo kuti gulu loyamba la aphunzitsi athu likaphunzire kumeneko n'kubwerera kudzakhazikitsa zathu.

Ndipo ife sitikuyambira pa ziro. Makolo athu anadziwa kale kuti ng'oma imafika pamene mawu alephera. Atumbuka ali ndi vimbuza, gule wochiza amene UNESCO inamuzindikira. Alhomwe a kuno ali ndi nantongwe wa odwala mizimu, ndiponso tchopa, amene analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014 ndipo timamuona chaka ndi chaka kwa Chonde pa mwambo wa Mulhako. M'zaka za m'ma 1980 a Chris Kamlongera ndi a David Kerr ankatenga ophunzira a ku Chancellor College kupita nawo m'midzi kukachita zisudzo zokambirana ndi anthu za umoyo wawo, ndipo bungwe la ArtGlo ku Zomba likupitiriza mzimu umenewo. Pulofesa Chiwoza Bandawe analemba buku lonse losonyeza kuti umunthu ukhoza kukhala maziko a saikoloje yathu. Zida zilipo. Chimene chikusowa ndi sukulu yoika pamodzi nzeru zimenezi ndi sayansi ya zamaganizo, kuyesa mosakondera kuti chothandiza n'chiti ndipo chovulaza n'chiti, n'kutulutsa munthu amene angaimirire pamaso pa dokotala ndi pamaso pa mfumu, onse n'kumumvera. Tikangokopera silabasi ya ku London tidzatulutsa akatswiri olankhula bwino m'misonkhano koma osowa chonena kwa agogo a ku Limbuli amene maloto awo amawafotokoza m'Chilomwe.

Ndikudziwa zimene a ku Unduna wa Zachuma anganene: m'zipatala mulibe ngakhale panado, ndiye tiyambe kulipira ojambula? Yankho langa ndi lakuti mtengo wa kusachita kanthu tikuulipira kale. Tikuulipira mwa mayi amene amabwera kuchipatala mwezi ndi mwezi ndi mutu, msana ndi kugunda kwa mtima, n'kuyezedwa malungo kosatha, pamene chimene chikumudya ndi chisoni. Tikuulipira mwa wodwala amene wasiya ma ARV chifukwa sakuonanso chifukwa chokhalira ndi moyo. Tikuulipira mwa mtsikana amene sanabwerere kusukulu makampu atatsekedwa, ndiponso mwa abambo amene apolisi amatiuza chaka ndi chaka kuti ndiwo ochuluka pakati pa odzipha. Ndalama zimene zatha kale m'maholo ndi m'malo ogona alendo pa maphunziro a masiku ochepa, ophunzitsa anthu omwewo zinthu zomwezo, zikanatha kulipirira Amalawi angapo maphunziro athunthu.

Ena amaloza ku Zimbabwe, kumene dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala cha ku Mbare ku Harare n'kumathandiza anthu ovutika maganizo. Njira imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, inayesedwa mwasayansi, zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016, ndipo inaoneka kuti imathandizadi. Ndimaikonda njirayi ndipo ndikufuna benchi yotere pa Chonde, pa Chambe ndi pa Muloza. Koma amene amaitchula pofuna kuthawa maphunziro apamwamba amasiya theka la nkhani. Kumbuyo kwa agogo aja kunali akatswiri owaphunzitsa, owayang'anira ndi olandira odwala amene matenda awo akulira agogowo. Benchi imaima chifukwa cha anthu amenewo. Akatswiri amene ndikuwapempha sadzachotsa ntchito anthu ongodzipereka kapena alangizi a zaumoyo a m'midzi. Adzakhala owathandiza, oti mlangizi wa kwa Nkanda akakumana ndi mnyamata amene wagula kale poizoni wa tameki, akhale ndi nambala yoimba ndi munthu woyankha.

Palinso onena kuti tili ndi abusa, mashehe, anamkungwi, ankhoswe ndi amalume. Zoona, ndipo iwo ndiwo anyamula dziko lino pa maliro onse amene ndatchula. Mlangizi wanzeru adzagwira nawo ntchito. Koma pali nkhani zimene munthu sangapite nazo kwa anthu omwe adzakumane nawo kumjigo mawa. Mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana zolipira amayi 36 amene anasuma ku khothi la ku London kuti anachitidwa nkhanza zogonana m'minda ya tiyi, ngakhale kampaniyo sinavomere mlandu. Mayi wothyola tiyi amene zotere zamuchitikira amaopa kutaya ntchito, amaopa banja kutha, amaopa mudzi kumuloza chala. Ankhoswe ambiri adzamuuza kuti apirire. Ena adzamutengera kwa mneneri amene adzati ndi ziwanda. Mayi ameneyu ali ndi ufulu wokhala ndi munthu amene lamulo ndi lumbiro la ntchito zimamukakamiza kusunga chinsinsi.

Apa ndi pamene pali vuto lina limene sitilikamba. Lero munthu wongopita ku msonkhano wa masiku atatu akhoza kusindikiza kakhadi kolembedwa kuti ndi mlangizi n'kuyamba kulandira anthu osweka mtima. Namwino ali ndi khonsolo yomuyang'anira, dokotala ali ndi Medical Council of Malawi. Alangizi ali ndi bungwe lawo la Malawi Association of Counselling, koma dzina la ntchitoyi liyenera kutetezedwa ndi lamulo, kuti woulula chinsinsi kapena wopezerapo mwayi pa wodwala alandidwe chiphaso, ndiponso kuti wophunzira zaka zisanu ndi chimodzi asafanane ndi wa masiku asanu.

Chotsutsa chimene ndimachiona kuti n'cholemera kuposa zonse ndi ichi: tidzawaphunzitsa, kenako adzakhala pakhomo opanda ntchito kapena adzakwera ndege, monga tawonera ndi anamwino. Zimenezi zidzachitikadi ngati titayamba ndi digiri tisanakonze mipando ya ntchito. Choncho dongosolo lake liyambe ndi Unduna wa Zaumoyo ndi wa Maphunziro kukhazikitsa maudindo a alangizi ndi ochiza ndi luso m'ndandanda wa antchito a boma lililonse, ndi malipiro ake odziwika. Wolipiriridwa sukulu ndi boma asaine kuti adzagwira ntchito kumudzi kwa zaka zingapo. Posankha ophunzira, mwayi upite kwa aphunzitsi, anamwino ndi a zachisamaliro cha anthu amene ali kale m'maboma ngati Mulanje, Phalombe ndi Nsanje, amene ali ndi mabanja ndi minda komweko, chifukwa amenewo sathawa msanga. Maphunziro a pantchito achitikire pa chipatala cha boma cha Mulanje, pa Mulanje Mission, m'zipatala zazing'ono ndi m'sukulu za m'munsi mwa phiri, osati ku Blantyre kokha. Makampani a tiyi, amene akhala akukolola m'nthaka ino kuyambira m'zaka za m'ma 1890, angathe kulipirira ena mwa ophunzirawo, malinga ngati alangiziwo sakhala pansi pa mabwana a esiteti.

Ndalama zake zichokere m'bajeti yathu. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, tinaona antchito ambiri a zaumoyo olipidwa ndi mabungwe akuuzidwa kuti akhale kaye pakhomo. Chithandizo cha maganizo sichingayendere kalendala ya pulojekiti, chifukwa munthu amene wayamba kukhulupirira mlangizi wake n'kumuona atasowa pakati pa njira amavulala kachiwiri.

Mu Julayi 2025 phiri la Mulanje linalowa m'gulu la malo a chikhalidwe otetezedwa ndi UNESCO, ndipo tinasangalala moyenera. Anthu okhala m'munsi mwake ndi omwe aja amene amaliyang'ana ndi mantha dzinja lililonse, ndipo akatswiri a zanyengo akutichenjeza kuti anamondwe amphamvu azibwerabe. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ochokera ku Mulanje ali ndi mwayi wofunsa mafunso kwa nduna. Afunse nduna ya zaumoyo kuti m'ndandanda wa antchito a boma la Mulanje muli mipando ingati ya alangizi a za maganizo, ndipo ingati ili ndi anthu. Afunse nduna yoona za maphunziro apamwamba kuti ndi yunivesite iti yapereka ku National Council for Higher Education ndondomeko ya digiri yachiwiri yochiza ndi luso, ndipo gulu loyamba lidzalowa m'kalasi chaka chiti. Khonsolo ya Mulanje nayo ilembe maudindo amenewa m'mapulani ake a chitukuko ndi a ngozi zogwa mwadzidzidzi, pamzere womwewo pamene pamalembedwa matenti, ufa ndi klorini.